Mdala wa Njinga pa Zitseko za Kabati

Greyville, Durban
Lamlungu, 9 Juni 2013

Che Twaha, bambo a Halimah,

Ndakhala pansi lero Lamlungu cha m'ma 3 koloko masana, mwana wagona, mbale ndatsuka. Salaam aleikum. Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lija, limene lapeza masitepe 42 oti lizikangana nawo tsiku lililonse. Halimah ali bwino, mkamwini wanu Harun ali bwino. Mdzukulu wanu Tahira watenga mphuno yanu, koma tamukhululukira. Kaya inu kumeneko, ndi msana uja umene umayamba kupweteka ukangoona khasu?

Enelesi mwana wa mng'ono wanga, ndikudziwa kuti ukuwawerengera ndiwe, poti maso awo anatopa. Uwerenge zonse. Pamene pakuwawa usathamangepo.

Mufunsa kuti kalata ya chiyani foni ilipo. Foni yanu imakhala kotchajitsa masiku asanu pa sabata, ndipo ikagwira mumayamba ndinu kufotokoza chimfine mpaka mayunitsi kutha. Chinanso, makoma a fulati ino ndi opyapyala ngati khungu la anyezi. Halimah wandiuza kuti, "Amayi, Chichewa ndi Chiyao muzizisiya m'nyumba mukamatuluka. M'takisi akakufunsani kanthu muzingoti yebo." Yebo ndi eya wa Chizulu. Ine Abiti Amisi, amene akazi pa mjigo ankaiwala ndowa zikusefukira pomvera pakamwa panga, lero ndine munthu wa liwu limodzi. Mayi wina anandiponda phazi m'takisi, ndinati yebo. Pa foni ndimanong'ona. Papepala pano ndiye ndikuwa.

Poti Halimah akuyamwitsa, ndalowa m'malo mwake masiku atatu pa sabata kwa Madamu a ku Durban North, mzungu wamasiye wa agalu awiri. Agaluwo ali ndi dokotala wawo. Takisi yokha ndi 12 randi kupita. Anthu a kuno amalima maungu n'kutaya masamba, ndiye muziwapempherera.

Madamu akusintha makabati a kukhitchini. Akalewo alibe chilema, angotopa nawo. Zitseko zake khumi ndi ziwiri anaziunjika panja kuti zikatayidwe, pamodzi ndi zitini za penti wotsala. Ndapempha Robson, bambo wosamala maluwa, kuti andibisire m'galaja. Robson anabadwira ku Zimbabwe koma agogo ake anali a ku Dedza. Chichewa chake chimayenda ngati ngolo ya gudumu limodzi, komabe chimafika. Zitsekozo ndilibe nazo ntchito. Kungoti sinditha kuona chinthu chikutayidwa chisanathe. Inu mukudziwa, ndinakusungani.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale wina akuuzeni kuti yakalamba. Khoma la kum'mawa linayamba kung'aluka ndisanachoke. Idi isanafike mupemphe Enelesi alizire, mtsiro wabwino uli ku dambo, kuseri kwa nthochi. Inu sindikukutumani, ndikudziwa kuti kuzira ndi ntchito ya akazi, monganso ntchito zina zonse.

Kalatayi akubweretsa ndi Mahmoud wa thiraki. M'katoni muli sopo, shuga ndi jekete. Jeketeyo ndi yanu, si ya mlongo wanu wa ku Namwera.

Ndine mayi a Halimah.


Durban North, m'galaja ya Madamu
Lachitatu, 18 Seputembala 2013

Che Twaha,

Salaam aleikum. Ndikulemba nthawi ya nkhomaliro nditakhalira thumba la chakudya cha agalu. Tonse tili bwino. Moni wa Idi ndinapereka pa foni, inu munayankha ndi chifuwa. Ndamva kuti Enelesi anazira khoma. Zikomo mwanawe. Ndamvanso kuti bambowa anathandiza poloza ndi ndodo pamene panatsala.

Tsopano imvani zimene zandigwera. Munthu akakhala miyezi itatu osakamba nkhani, nkhaniyo siifa, imatsikira m'manja. Tsiku lina ndinatsegula chitini cha penti wobiriwira kuti ndingonunkhiza. Ndinati ndiike kaduwa kamodzi pakona pa chitseko, monga timachitira pakhoma tikamaliza kuzira. Duwa linafuna mtengo. Mtengo unakhala wa mango. Pansi pa mango panafunika mpando, ndipo mpando umenewo, Che Twaha, sunakhalepo wopanda munthu. Mukumudziwa.

Bulashi ndilibe. Ndimatafuna mswachi mpaka ufewe, kwina ndimapaka ndi chala. Penti wa kuno amanyezimira mwamwano, ndiye ndimamusakaniza ndi dothi lofiira limene anthu a mapaipi anakumba kuseri kwa mpanda. Akatero amakhala pansi, amamvera.

Chitseko choyamba ndi cha njinga. Enelesi, iwe unali usanabadwe, ndiye uzimvetsera uku ukuwerenga. Bambo awa anabwera kuchokera ku esiteti ya fodya ndi njinga yatsopano, kukwera osadziwa. Miyezi itatu ankaikankha. Ku mzikiti kukankha, ku msika kukankha. Anthu akafunsa ankati, "Njinga yatsopano sitiikwera msanga, iyambe yadziwa njira." Tsiku limene anati yadziwa, anakaikwerera pamtunda pa chigayo. Inadziwadi. Inatsika yokha, inalowa pa sadaka ya malemu Che Amidu, inadutsa pakati pa miphika ya mpunga, inanyamula mphasa ya a shehe, n'kukaima m'khola la mbuzi. Mwini wake anafika patsogolo pang'ono, kudzera pamwamba.

Zonsezi zili pa chitseko chimodzi. Ndimayambira pansi kumanzere n'kumazungulira monga munthu azungulira mudzi, ndiye inu mulipo kasanu: mukukankha, mukukwera, mukukuwa, muli m'malere, muli ndi mbuzi.

Robson anandipeza ndikumaliza. Anati, "Gogo, ichi chii?" Ndinati, "Khala pansi, koma uzivomera. Nkhani sitikambira chitsa." Ndinamuyendetsa ndi chala kuyambira pa chigayo mpaka m'khola, iye akuti eya, eya, kenako eish. Anaseka mpaka kuiwala paipi ya madzi, imene inatsuka galimoto ya Madamu mkati, poti windo linali lotsegula. Ine usana umenewo ndinamva ngati ndavula nsapato yothina.

Mkamwini wanu atamva anati, "Amayi, a shehe amaletsa zithunzi za anthu." Ndinati chabwino, nkhope sindiika. Anthu anga onse alibe maso, alibe mphuno, ambiri atembenukira uko. Ndiye musaope. Palibe amene angakudziweni.

Mbewu ya mtedza ili m'chigubu pansi pa bedi. Ndi mbewu, si ndiwo.

Mayi a Halimah.


Greyville
Lamlungu, 16 Febuluwale 2014

Che Twaha,

Salaam aleikum. Tili bwino. Tahira wamera mano anayi ndipo wawayesa pa ine. Kuno kwatentha kotero kuti nyanja yawoyi ikuoneka ngati ikutuluka thukuta. Mvula kumeneko ikugwa bwanji? Munapalira, kapena munalozanso ndi ndodo?

Madamu andigwira. Analowa m'galaja kufuna chingwe cha galu, anapeza zitseko zisanu ndi zinayi zitatsamira khoma, ine chala chili m'chitini. Anaziyang'ana chimodzichimodzi. Ine ndinati ntchito yatha, n'kukonzeratu yebo wanga womaliza. Koma iwo anatuluka, mawa lake anabwera ndi mnzawo, dzina lake Lewis, mzungu wowonda womanga tsitsi kumbuyo ngati mtsikana wa sukulu. Ali ndi shopu imene sagulitsamo kanthu koma zithunzi zopachika.

Robson ndiye ankamasulira. Lewis anafunsa kuti ndinaphunzira kuti. Ndinati Sitandade 3, ndipo anandichotsa chifukwa ndinafotokozera kalasi yonse kumene aphunzitsi ankapita nthawi ya buleki. Anasangalala kwambiri. Akuti kuli azungu amene amafuna zojambula za anthu osaphunzira, ndipo akamva kuti munthu anapita ku koleji safunanso. Ndikanadziwa kuti umbuli umagulidwa ndikanalekera Sitandade 1.

Kenako analoza chitseko cha njinga n'kufunsa kuti abale asanuwa ndani. Ndinati, "Muuze kuti ndi munthu mmodzi. Mavuto ndiwo asanu." Ndinamukhazika pa thumba la agalu, ndinati azivomera. Samadziwa kuvomera, Che Twaha. Amangogwedeza mutu ngati gulo. Koma pofika m'khola anaseka.

Ndinamuonetsanso chitseko cha tsiku lija munatumidwa kukafunsira mbeta m'malo mwa mphwanu, inu n'kulowa nyumba yolakwika, n'kudya nkhuku yawo, n'kugwirizana zonse. Lewis anafunsa kuti zinatha bwanji. Ndinati ana asanu ndi mmodzi, ndipo mpaka lero sanayambanepo.

Akufuna kupachika zitseko zonse m'shopu yake mwezi wa Ogasiti, anthu adzaone. Madamu anati andigulira mabulashi enieni, Lewis anakana ndi manja awiri, akuti ndisasinthe kanthu, mswachi womwewo. Munthu wachuma akakuuza kuti usasinthe, dziwa kuti umphawi wako wamukomera. Komabe ndavomera, poti mabulashiwo ndinawayesa, ndi ofewa ngati mchira wa mphaka.

Pali kanthu kamodzi kakang'ono. Mahmoud anabwera ku galaja kudzatenga katoni yanu. Atangolowa analoza chala n'kunena kuti, "Awa ndi Che Twaha." Ndinati, "Waona nkhope?" Anati, "Nkhope ya chiyani, mayi? Chisoti chobiriwira, mimba, buluku mwendo umodzi wopinda. Mangochi yonse ikuwadziwa." Anajambula ndi foni yake. Ndinamulumbiritsa kuti asaonetse munthu aliyense, iye anati Wallahi kawiri. Ndiye ndikhulupirira kuti mwaona kale.

M'katoni muli mafuta ophikira ndi mankhwala opaka msana. Ndi opaka, musamwe.

Mayi a Halimah.


Greyville
Lamlungu, 11 Meyi 2014

Bambo a Halimah,

Salaam aleikum. Thupi lili bwino. Kalata yanu ndalandira, ndipo Enelesi walemba bwino, ngakhale peni inaoneka kuti imanjenjemera. Sindikudziwa ngati anali mantha kapena phwete.

Mwati ana a pa msika akakuonani amaliza belu ndi pakamwa. Mwati ku mzikiti anthu amasuntha mphasa mukamalowa. Ndipo mwati, ndikubwereza mawu anu, "Andichotse pa zitseko za azungu, apo ayi nditenga njinga yanga ndi mphasa yanga ndibwerera kwathu ku Namwera, azikhala ndi zitsekozo."

Tiyeni tikambirane ngati akulu. Ndanama pati? Njinga munakankha kapena simunakankhe? Nkhuku ya eni munadya kapena simunadye? Nkhani zimenezi ndakhala ndikuzikamba zaka 41, pa mjigo, pa maliro, pa ukwati wa Halimah inu muli pomwepo, ndipo munkakonza ndinu pamene ndalakwitsa. Munkati, "Miphika inali isanu ndi iwiri, osati isanu." Lero zavuta chifukwa waseka mzungu? Mzungu wake sadziwa n'kuvomera komwe.

Mudzi ndi wa amayi anga, izo ndikudziwa, ndipo mkamwini akafuna kupita palibe amene amamumanga chingwe. Munabwera ndi mphasa ndi wailesi, njinga inabwera pambuyo. Wailesi inafa nthawi ya chilala. Ndiye katundu wanu sadzakulemerani.

Koma ndikuuzeni chinthu chimodzi, Enelesi apa uchepetse mawu. Kuno ine ndilibe mjigo. Halimah wandivula chitenje wandiveka siketi, akuti chitenje chimalankhula. Shopu ya pakona imene tinkagulako anyezi yatsekedwa, mwini wake sitikudziwa kumene ali, ndipo sitifunsa. Harun akachedwa pang'ono Halimah amaima pawindo. Zina sindilemba. Ola limodzi lokha pa tsiku, m'galaja muja, ndi limene ndimakhala kwathu. Ndipo ndikafika kwathu ndimakupezani inu pansi pa mango. Ndichite bwanji? Ndijambule a Robson?

Ndiye yankho langa ndi ili: sindichotsa munthu.

Mukapita ku Namwera mutenge jekete, kumazizira. Mlongo wanu amathira mchere wambiri, mumuuze za magazi anu. Ndipo mbuzi mudzasiyira ndani? Ndikungofunsa za mbuzi.

Abiti Amisi.


Durban North, m'galaja
Lolemba, 4 Ogasiti 2014

Che Twaha,

Salaam aleikum, Idi Mubarak ngakhale yapita. Tinadya biriyani kwa anzake a Harun, mpunga wake wa mitundu itatu koma wosakhutitsa. Sindinamve kanthu kuchokera kwa inu. Ndikhulupirira foni ili kotchajitsa.

Kuno ndapalamula, ngakhale mpaka lero sindikuona mlandu wake.

Mwezi watha Lewis anabwera kudzayeza zitseko zonse khumi ndi ziwiri ndi tepi. Pa zitatu anamatapo timapepala tofiira tozungulira, osandiuza kuti n'ta chiyani. Anati adzabwera ndi galimoto Idi ikatha. Lachisanu lomaliza la Ramadani ndinalowa m'galaja, ndinaziyang'ana, manyazi anandigwira. Fumbi, ukonde wa kangaude, cha njinga chija chaka chikukwana. Ndinati alendo abwere kudzaona zinthu za chaka chatha? Ndi mkazi wanji amene amalowa mu Idi ndi khoma lakale? Amayi anga akanadzuka kumanda. Ndiye ndinakanda dothi lofiira ndi penti woyera, ndinagwada, ndinazira zonse khumi ndi ziwiri. Ndinasalaza ndi kumbuyo kwa supuni poti nkhulungo kuno kulibe. Timapepala tija ndinayamba ndatichotsa. Zinatuluka bwino, Che Twaha, zosalala ngati tsaya la mwana.

Lachitatu Lewis anafika ndi mabulangete okulungira. Analowa. Anatuluka. Analowanso. Kenako anakhala pa thumba la agalu popanda womuuza.

Robson anati, "Gogo, akuti zithunzi zili kupi?"

Ndinati, "Zili mkati."

"Akuti mkati mwa chii?"

"Mwa dothi. Muuze kuti ndayeretsa."

Lewis analankhula nthawi yaitali, manja ali m'mutu, mpaka tsitsi linamasuka. Robson anangomasulira kuti, "Akuti zitatu zija anthu anali atasankha kale." Ndinati, "Ndiye akulira chiyani? Nkhani ndikuzikumbukira. Kodi kwawo nkhani ukaikamba kamodzi imatha?" Anati chithunzi chikapangidwa sichikhudzidwanso mpaka kalekale, anthu amavala magolovesi pochinyamula. Ndinati n'chifukwa chake nyumba zawo zimanunkha kabati. Izi Robson anakana kumasulira. Madamu anathamangira m'nyumba atagwira pakamwa, ndinawamva akutsokomola m'bafa.

Mapeto ake wasuntha tsiku, akuti Novembala, ndipo wandipempha atagwira dzanja langa kuti ndisayeretsenso kanthu osamuuza. Wafunsanso tsiku la Idi inayo, walemba m'buku.

Ndiye mwachokamo, bambo. Kasanu pa njinga, kanayi pa nkhuku, paliponse. Musaganize kuti ndachita chifukwa cha kalata yanu. Ndi Idi. Kungoti poyambiranso ndinati, poti munthu anapempha, ndimusiye apume.

Ndamaliza chitseko cha sadaka ya Che Amidu. Miphika yonse isanu ndi iwiri yaima bwinobwino. A shehe ali pa mphasa yawo. Mbuzi zili m'khola, zikudya. Ndi chithunzi chaulemu kwambiri. Ndikachiyang'ana ndimayasamula.

Tsopano mukhoza kupachika njinga. Mundiyankhe.

Mayi a Halimah.


Greyville
Lamlungu, 25 Januwale 2015

Che Twaha, kulikonse kumene kalatayi ikupezeni,

Salaam aleikum. Ife tili moyo. Pa TV akuonetsa madzi kwathu, nyumba zitagona, anthu ali pa sukulu. Ndayang'anitsitsa aliyense wa chisoti mpaka Halimah anazimitsa.

Miyezi isanu ndi theka chitumizireni kalata ija, palibe liwu. Foni yanu imayankha mkazi wachingerezi. Mahmoud ndinamugwira malaya pa siteshoni, anati nyumba ilipo koma khoma la kum'mawa lagwa theka. Ndinati sindikufunsa khoma. Anayang'ana pansi, anati njinga pakhonde palibe kuyambira Julaye, mbuzi akusamala Enelesi. Ndiye kalata yanga yomaliza inakupezani mutapita kale. Ndinakuchotsani pa zitseko munthu amene anali atadzichotsa yekha pakhomo. Enelesi, iwe bwanji osandiuza? Unkaopa kuti ndikujambula?

Chionetsero chinachitika. Anandiveka chitenje, chomwe chija Halimah anandivula, poti akuti azungu amachikonda. Anthu ankayenda pang'onopang'ono atagwira matambula, manja ena kumbuyo, ngati akuyendera odwala. Palibe anaseka. Zitseko ziwiri zinapita. Lewis anati ndi zabwino, koma anazinena ngati munthu woyamika ndiwo zopanda mchere. Mayi wina wa ku Malindi amene amakolopa m'shopumo anandikokera pambali, anati, "Abiti, nanga mdala wa njinga uja tinamuona pa foni ali kuti? Ine ndinasinthana ntchito ndi mnzanga kuti ndidzamuone."

Nditabwerera kukayang'ana ndinaona chimene sindinadziwe kuti ndachita. Pa chitseko chilichonse pali mango, pansi pake mpando, pampando palibe munthu. Kakhumi ndi kawiri. Dzanja ili silimva.

Ndikuuzeni china, ndipo Harun asamve. Sabata yatha ndinatenga pepala kuti ndijambule nkhope yanu, yanga ndekha, yobisa m'chikwama. Mphuno ndinakopera kwa Tahira. Zina zonse zinakana. Kumbuyo kwanu ndikukudziwa, khosi, mapewa, mmene chisoti chimapendekera, poti zaka zonsezi inu mumayenda patsogolo ine pambuyo ndi katundu. Koma makutu anu amakhala bwanji?

Enelesi, ngati ali ku Namwera, ukwere njinga ya kabaza upite nayo kalatayi. M'envelopu ndaikamo ya ulendo. Usawanyengerere. Ungowerenga, kenako uone ngati aonda.

Mayi a Halimah.


Ku msasa, pa bwalo la mpira
Lachitatu, 22 Epulo 2015

Che Twaha, bambo a Halimah,

Ndakhala pa ndowa yovundikira, nthawi ili 10 koloko m'mawa, pepala ndapempha kwa mayi wolemba maina. Salaam aleikum. Zimene zachitika kuno, zothamangitsa ife obwera, mwamva pa wailesi za anzanu, ine sindiwonjezera. Tonse anayi tilipo. Harun amusoka pamwamba pa diso, koma akuona. Tinatuluka ndi zimene tinavala ndi mwana. Masitepe 42 aja bondo langa linawatsika osanena liwu limodzi.

Madamu anabwera ndi galimoto kuti ndikakhale m'galaja. Ndinawathokoza, ndinati yebo, koma sindinakwere. Halimah ali kuno.

Tili m'tenti yaikulu, anthu akwathu okhaokha, a ku Mangochi, a ku Machinga, a ku Mulanje. Masiku awiri oyamba aliyense ankanong'ona mwachizolowezi. Tsiku lachitatu akazi awiri anayambana chifukwa cha bulangete, mmodzi anatukwana m'Chiyao chenicheni cha kumudzi. Ndinati m'mtima, atipeza kale, tikubisanso chiyani? Ndinang'amba katoni ya buledi, ndinatola khala pamene amaphikira, matope ofiira ndiye ali paliponse. Ndinaima pa ndowa yomweyi. Ndinati, "Kunali munthu wina anagula njinga."

Che Twaha, anavomera. Anthu mazana, onse pamodzi, mpaka apolisi a pageti anasuzumira. Zaka ziwiri ndakhala ndikukambira munthu mmodzi ndi agalu awiri. Ndinkajambula uku ndikukamba, ndipo pepani, mwabwereramo kasanu konse. Pofika m'khola, mkazi wotukwana uja ndi mnzake anali atafunda bulangete limodzi akupukuta misozi. Bambo wina amene sanalankhule chifikire anati, "Mayi, mubwerezenso pa miphika paja." Tahira tsopano amaloza katoni n'kumati "agogo."

Lewis anafika Lolemba ndi mabotolo a madzi. Ataona makatoni anayamba kupuma mofulumira. Ndamupatsa atatu, ndipo zitseko zotsala ndamusiyira. Ndamuuza kuti chaka chino Idi ikayandikira azizire yekha. Robson panalibe, ndiye anangogwedeza mutu.

Dzulo ndiye anatulukira Mahmoud akufunafuna anthu ake, n'kundipatsa kalata ya Enelesi imene yakhala m'thiraki kuyambira pa 2 Epulo. Ndaiwerenga kanayi. Kachisanu ndinaiwerengera tenti.

Akuti munabwerera ndi njinga mawa lake atakuwerengerani. Akuti munaumba zidina nokha n'kudzutsa khoma. Izo ndikanakhulupirira pang'ono. Koma akuti mvula itatha Enelesi anabwera ndi mtsiro kuti azire, inu munati, "Siya." Munamanga chitenje changa chakale m'chiuno, munagwada, munazira nokha khoma lonse kuyambira m'mawa mpaka swala ya masana, mudzi wonse utakhala pansi pa mango, wina atakhalira mpando wanu. Akuti a shehe anadutsa kawiri kuti atsimikize. Ndipo duwa simunaikepo ngakhale limodzi. Mwati, "Auze mayi a Halimah kuti khoma lauma, likudikira. Ajambule zimene akufuna. Koma njinga ija inali ndi belu, iwo anaiwala."

Belu ndiikapo. Linali kumanja, ndipo simunalize.

Koma njinga idikire. Choyamba pa khoma limenelo ndi munthu wa chisoti chobiriwira atagwada m'matope ndi chitenje cha mkazi wake. Ndidzayambira pansi kumanzere. Mudzakhalapo kasanu ndi kamodzi, poti ndamva kuti munagwetsanso ndowa. Nkhope sindiika, a shehe asadandaule. Imeneyo ndikufuna kungoiona, ndiye tsiku lofika musayende patsogolo.

Maina athu ali pa basi ya Lachisanu yobwerera kwathu. Kalatayi ndapatsira mayi wa ku Malindi uja, iye akukwera ya lero. Chitenje chimene munavala musachape, ndikufuna kuona pamene matope anafika.

Enelesi, ukawawerengera usaipinde. Upite nayo pa mjigo, uwerengere akazi onse ndowa zisefukire. Ukatero uipereke kwa ana a pa msika oliza belu aja, kenako wina wopita ku Namwera akaisiye kwa mlamu wanga, adziwe kuti munthu wake ndamutenganso.

Ndine Abiti Amisi, mayi a Halimah, mkazi wa mdala wa njinga.